Sir Alexander Fleming, Mwana wa Mlimi Amene Adapeza Penisilini

Masiku ano munthu akapita ku chipatala ali ndi chibayo, kapena chindoko, kapena bala lotukusira, amapatsidwa jakisoni kapena mapiritsi opha tizirombo, ndipo ambiri amachira nabwerera kwao. Kale sizidali chomwecho. Zaka zana zapitazo, ngakhale m'zipatala zazikulu za ku Ulaya, kabala kakang'ono ka msomali kadali kokwanira kupha bambo wamphamvu. Amai ambiri adali kumwalira ndi malungo a pambuyo pa kubereka. Ndipo dokotala wochita opaleshoni, ngakhale atagwira ntchito yache mwaluso, adali kudikira masiku angapo ndi mtima wa nkhawa kuti aone ngati bala lidzapola kapena lidzachita mafinya. Mwa anthu amene adasintha zinthu zimenezi, wodziwika koposa ndiye Alexander Fleming, munthu wamfupi, wofatsa ndi wosalankhula-lankhula, amene adatha pafupi-fupi moyo wache wonse wa ntchito m'chipatala chimodzi cha mu London.

UBWANA WACHE

Alexander Fleming adabadwa pa 6 August 1881 pa munda wotchedwa Lochfield, pafupi ndi mudzi wa Darvel, m'chigawo cha Ayrshire ku Scotland. Bambo wache, Hugh Fleming, adali mlimi woweta nkhosa m'dziko la mapiri, la mphepo ndi lozizira. Mkazi woyamba wa Hugh atamwalira namsiyira ana anai, iye adakwatira Grace Morton, amene adamberekera ana enanso anai, ndipo Alexander adali wachitatu mwa iwowa. Pamene mwanayo adali ndi zaka 7 bambo wache adamwalira, tsono mai wache pamodzi ndi mkulu wache woyamba ndiwo adasenza mtolo wa banja ndi wa munda.

Anawo adakula alikuyenda m'mapiri ndi m'mitsinje, kugwira akalulu ndi nsomba ndi manja, ndi kufuna-funa mazira a mbalame m'udzu. Moyo wotere umaphunzitsa mwana kupenyetsetsa, ndipo luso limeneli Fleming sadalitaye mpaka imfa. Adayamba maphunziro pa kasukulu ka Loudoun Moor, napitirira ku Darvel, kumene adali kuyenda pansi mamailosi anai m'mawa ndi anai madzulo, kenaka adaphunzira ku Kilmarnock Academy. Asanakwanitse zaka 15 adapita ku London kukakhala ndi mkulu wache Tom, amene adali dokotala kale. Kumeneko adaphunzira pang'ono pa sukulu ya Polytechnic, nalowa ntchito ya ukalaliki m'ofesi ya kampani ya zombo, ntchito imene adaigwira zaka zinai osaikonda.

M'chaka cha 1900, nkhondo iri mkati ku South Africa, adalembetsa m'gulu la asilikari odzipereka lotchedwa London Scottish. Sadatumizidwe ku nkhondoko, koma m'gulumo adaphunzira kuombera mfuti, nakhala katswiri. Pamene adali ndi zaka 20 mbale wina wa makolo ache, John Fleming, adamwalira namsiyira ndalama pang'ono. Tom adamlangiza kuti azigwiritse ntchito pophunzira udokotala, ndipo Alexander adabvomera, nalowa sukulu ya madokotala ya pa chipatala cha St Mary's, ku Paddington.

PA CHIPATALA CHA ST MARY'S

Fleming adali wophunzira wa nzeru zogwira msanga. Adatsiriza maphunziro ache m'chaka cha 1906, napata mendulo ya golide m'chaka cha 1908, ndipo m'chaka cha 1909 adapambana mayeso obvuta a madokotala ochita opaleshoni. Koma ntchito ya mpeni sadaitsate. Chidamtembenuza ndi chinthu chaching'ono: mtsogoleri wa gulu loombera mfuti la pa chipatalapo sadafune kutaya katswiri wache, tsono adampezera malo m'nyumba yofufuzira matenda ya Sir Almroth Wright, kuti asachoke pa St Mary's.

Wright adali munthu wotchuka, amene adakonza katemera wa taifodi, wokonda kulankhula ndi kutsutsana. Chiphunzitso chache chidali chakuti thupi la munthu liri ndi asilikari ache-ache m'magazi, amene amadya tizirombo, ndi kuti ntchito yaikulu ya dokotala ndiyo kuthandiza asilikari amenewa. Fleming adali wosiyana naye m'makhalidwe, wachete ndi wa manja aluso popanga zipangizo zazing'ono za galasi, koma awiriwa adagwira ntchito pamodzi zaka 40. Pamene Paul Ehrlich wa ku Germany adatulutsa Salvarsan, mankhwala oyamba amphamvu a chindoko, Fleming adali mmodzi wa madokotala oyamba a ku England odziwa kuwabaya mu mtsempha. M'chaka cha 1915 adakwatira Sarah McElroy, namwino wa ku Killala ku Ireland, ndipo m'chaka cha 1924 adabereka mwana wao mmodzi yekha, Robert, amene pambuyo pache adakhalanso dokotala.

MABALA A NKHONDO

Nkhondo Yaikulu itabuka m'chaka cha 1914, Wright ndi anthu ache adatumizidwa ku Boulogne, ku France, kukafufuza za mabala a asilikari. Zimene Fleming adaona kumeneko zidakhala mu mtima mwache moyo wache wonse. Zidutswa za mabomba zidali kung'amba mnofu ndi kulowetsamo dothi la m'minda ndi nsanza za zobvala, ndipo anyamata ambiri amene chipolopolo sichidawaphe adali kufa patapita masiku ndi kafumbata kapena ndi kuola kwa mwendo kapena mkono. Madokotala adali kutsanulira m'mabalamo mankhwala aukali otsukira, monga carbolic, potsata chiphunzitso cha Joseph Lister, koma mabala akuya sadali kuleka kuola.

Fleming adafuna kudziwa chifukwa chache. Adatenga kabotolo ka galasi, nakatenthetsa pa moto, nakoka m'mbali mwache timinga ta mphako tofanana ndi makwinya a m'kati mwa bala. Adathiramo madzi a tizirombo, natsukamo ndi mankhwala aukali aja, ndipo m'mawa mwache tizirombo tidali titaswananso, pakuti mankhwalawo sadafike m'timphako muja. Adaonetsanso kuti mankhwala amenewa amapha asilikari a m'magazi msanga koposa m'mene amaphera tizirombo, kotero kuti m'bala lakuya amachita choipa koposa chabwino. Zimenezi adazilemba m'nyuzi ya madokotala yotchedwa The Lancet m'chaka cha 1917. Madokotala ambiri a nkhondo sadamvere, koma iye adabwerera ku London ali ndi funso limodzi: kodi angapezeke mankhwala opha tizirombo m'kati mwa thupi, osapha thupi lomwe?

MAMINA NDI MISOZI

Kumapeto kwa chaka cha 1921 Fleming adadwala chimfine. Adatenga kadontho ka mamina ache nakaika m'mbale ya galasi momwe adali kuweteramo tizirombo, ndipo patapita masiku adaona kuti pozungulira maminawo tizirombo tina tidasungunuka. Adayesa misozi, malobvu ndi choyera cha dzira, napeza mphamvu yomweyo. Anzache a m'nyumba yofufuziramo adazunzika ndithu masiku amenewo, pakuti adali kuwafinyira khungu la ndimu m'maso kuti apeze misozi yokwanira. Chinthu chimenechi adachitcha lysozyme, nachilengeza m'chaka cha 1922. Tsoka lache, chidali kupha makamaka tizirombo tosaopsa, ndipo toyambitsa nthenda zazikulu sitidali kuchimva. Komabe chidamphunzitsa kuti m'chilengedwe muli zinthu zotha kusungunula tizirombo popanda kubvulaza mnofu, ndipo maso ache adazolowera kuzindikira malo oyera m'mbale yodzala tizirombo.

CHUKU CHA M'MBALE

M'chaka cha 1928 Fleming adakwezedwa kukhala profesa. Chaka chomwecho adali kufufuza tizirombo totchedwa staphylococcus, timene timayambitsa zithupsa ndi mafinya a m'mabala. Popita ku tchuthi ku nyumba yache ya ku Suffolk adasiya mbale zingapo pa tebulo, ndipo atabwerako kumayambiriro kwa September adapeza kuti m'mbale imodzi mudamera chuku, chonga chimene chimamera pa buledi wokhalitsa. Zotere zimachitika kawiri-kawiri, ndipo wofufuza aliyense amangotaya mbale yoonongekayo. Koma akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Fleming adayang'anitsitsa, naona kuti pafupi ndi chukucho tizirombo tidali titafa, pamene kutali nacho tidali bwino-bwino.

Adatapako chukucho nachiweta mu msuzi, napeza kuti mphamvu iri m'madzi amene chimatulutsa. Madziwo, ngakhale atasungunulidwa kambiri-mbiri, adali kuletsa tizirombo ta mafinya, ta chibayo, ta chinzonono ndi ta nthenda youmitsa khosi, koma ta taifodi sadali kutikhudza. Chachikulu koposa, sadali kupha asilikari a m'magazi, ndipo kalulu ndi mbewa zimene adazibaya nao sizidadwale. Popeza chukucho chidali cha mtundu wa Penicillium, pa 7 March 1929 adatcha madziwo penisilini, ndipo chaka chomwecho adalemba zonse m'nyuzi ya British Journal of Experimental Pathology.

Apa ntchito idaima. Penisilini adali wochepa kwambiri mu msuzimo, ndiponso wosachedwa kutha mphamvu. Anyamata awiri omthandiza, Stuart Craddock ndi Frederick Ridley, adayesa kumpatula koma sadafike pa mapeto. Fleming mwini sadali katswiri wa kusanganiza ndi kuyenga mankhwala, ndiponso sadali wodziwa kukopa anthu polankhula, kotero madokotala anzache sadasamale kweni-kweni. Iye adatembenukira ku ntchito zina. Koma chinthu chimodzi sadaleke: adasunga chukucho chamoyo zaka zonsezo, natumiza mbeu yache kwa aliyense wopempha.

ANTHU A KU OXFORD

Mutu umodzi susenza denga, ndipo mbiri ya penisilini siingakhale yoona popanda maina ena atatu. Howard Florey, wa ku Australia, adali mkulu wa nyumba yofufuzira matenda ya Sir William Dunn ku Oxford. Ernst Chain adali Myuda amene adathawa ku Germany m'chaka cha 1933. Norman Heatley adali mnyamata wa luso lopanga makina ndi zinthu zotayidwa. Iwowa adawerenga zimene Fleming adalemba, napeza njira yopatula penisilini ndi kumuumitsa kukhala ufa.

Pa 25 May 1940 adabaya mbewa zisanu ndi zitatu ndi tizirombo takupha, ndipo zinai mwa izo adazipatsa penisilini. Pofika m'mawa zinai zosalandira mankhwala zidali zitafa, zinai zinazo ziri moyo. Koma munthu ndi wamkulu kuposa mbewa kambiri-mbiri, ndipo dziko lidali pa nkhondo. Adaweta chuku m'mabotolo, m'zitini, ngakhale m'mitsuko imene odwala amadzithandiziramo pa bedi. Pa 12 February 1941 adayamba kupatsa penisilini wapolisi wina, Albert Alexander, amene adali pafupi kufa ndi mafinya ofalikira kumaso ndi m'thupi. Tsiku limodzi lisanathe adayamba kupeza bwino. Mankhwala adali ochepa kotero kuti adali kuwayenganso kuchokera mu mkodzo wache kuti amubayenso, koma patapita masiku asanu adatheratu. Nthenda idabwerera, ndipo iye adamwalira pa 15 March. Odwala ena otsatira, makamaka ana osafuna mankhwala ambiri, adachira.

Chaka chomwecho Florey ndi Heatley adapita ku America kukapempha thandizo. Ku Peoria, m'chigawo cha Illinois, akatswiri a za ulimi adapeza kuti chuku chimabala penisilini wochuluka chikadyetsedwa madzi oviikamo chimanga otsala m'mafakitale, ndipo m'chaka cha 1943 mtundu wa chuku wobala koposa udapezeka pa bvwende loola la pa msika wa mu mzindamo. Makampani monga Merck, Pfizer ndi Squibb adayamba kuchiweta m'matanki akulu-akulu, kotero kuti pamene asilikari adaoloka kulowa m'France mu June 1944, penisilini adalipo wokwanira obvulala ao.

ULEMU NDI CHENJEZO

Mu August 1942 munthu wina, Harry Lambert, adali kufa ndi nthenda youmitsa khosi pa St Mary's. Fleming adapempha penisilini kwa Florey, amene adamtumizira, ndipo iye adambaya wodwalayo mu msana, nachira. Nkhani idafika m'nyuzi ya The Times, ndipo Almroth Wright adalembera nyuziyo kalata yonena kuti ulemu uyenera Fleming. Atolankhani atapita ku Oxford, Florey adakana kuonana nao. Atapita kwa Fleming, iye adawalandira. Chifukwa cha ichi dzina la Fleming lokha ndilo lidamveka pa dziko lonse, ndipo anthu a ku Oxford adawawidwa mtima. Padabukanso nthano zabodza. Ina imati bambo wa Fleming adapulumutsa Winston Churchill ali mwana pomira m'madzi, ndi kuti penisilini adamchiritsanso Churchill chibayo m'chaka cha 1943. Zonse ziwiri sizoona: pa chibayo chimenecho Churchill adachira ndi mapiritsi a M and B.

M'chaka cha 1944 Mfumu George VI idapatsa Fleming ndi Florey ulemu wa Sir, ndipo m'chaka cha 1945 Fleming, Florey ndi Chain adagawana mphotho ya Nobel. Heatley sadalandire nao, ngakhale kuti popanda manja ache ntchito sikadatheka. M'masiku a Papa Pius XII, Fleming adasankhidwanso kukhala m'bungwe la akatswiri a sayansi la ku Vatican.

Polandira mphotho ya Nobel mu December 1945, Fleming adachenjeza anthu za choopsa chimene ambiri adali asanachione. Adafotokoza kuti tizirombo tikalandira penisilini wochepa, wosakwanira kutipha, timaphunzira kumpirira, ndipo munthu wodzigulira yekha mankhwala ndi kumwa pang'ono angathe kulera tizirombo tosamva mankhwala ndi kupatsira ena. Chenjezo limeneli lakwaniridwa. Staphylococcus yemwe uja wa m'mbale yache, lero kawiri-kawiri samvanso penisilini.

IMFA YACHE

Wright atapuma m'chaka cha 1946, Fleming adalowa m'malo mwache. Mkazi wache Sarah adamwalira m'chaka cha 1949, ndipo iye adakhala wosungulumwa kwambiri. M'chaka cha 1953 adakwatira Amalia Koutsouri-Vourekas, dokotala wa ku Greece amene adali kugwira naye ntchito. Zaka zache zotsiriza adazitha alikuyenda maiko ambiri, kulandira ulemu umene sadauzolowere. Adakhalabe wa mau ochepa, wokonda masewera, ndi wokonda kujambula zithunzi m'mbale zache pogwiritsa ntchito tizirombo ta mitundu yosiyana-siyana m'malo mwa utoto. Adamwalira mwadzidzidzi ndi nthenda ya mtima kunyumba kwache ku Chelsea pa 11 March 1955, ali ndi zaka 73, ndipo phulusa lache lidaikidwa m'tchalitchi chachikulu cha St Paul's mu London. Ku Madrid, pafupi ndi bwalo la Las Ventas, pali chipilala chomkumbukira m'dzina la anthu olimbana ndi ng'ombe zamphongo, pakuti kale ambiri a iwo adali kufa ndi mabala a nyanga otukusira.

CHOLOWA CHACHE M'CHIPINDA CHA OPALESHONI

Fleming adaphunzira ntchito ya opaleshoni osaigwira, koma ntchito imeneyi ndiyo idapindula kwambiri ndi zimene iye adapeza. M'chaka cha 1961 dokotala John Burke wa ku Boston adaonetsa kuti mankhwala opha tizirombo amateteza bala bwino akakhala ali kale m'magazi pamene mpeni ulikudula, ndipo akaperekedwa patapita maola angapo sathandiza. Chifukwa chache lero pa maopaleshoni ambiri, monga kuchotsa mwana m'mimba, kukonza mafupa kapena kung'amba matumbo, wodwala amabayidwa mankhwala oteteza nthawi yochepa mpeni usanayambe, kawiri-kawiri m'kati mwa ola limodzi. Mankhwala amene madokotala amadalira koposa pa ntchito imeneyi ndi cefazolin, wa banja la cephalosporin. Banja limeneli ndi lachibale ndi penisilini: lidachokera m'chuku china chimene Giuseppe Brotzu adachipeza m'madzi a zonyansa ku Sardinia m'chaka cha 1945, ndipo lidayengedwa ku Oxford komwe kuja. Onse awiri amapha tizirombo poononga khoma limene limakuta kachirombo. Thupi la munthu liribe khoma lotere, ndiye chifukwa chache mankhwalawo salibvulaza.

Koma pali bvuto limene lidaonekera kale Fleming ali moyo. Anthu ena penisilini amawawenga. Kwa ambiri ziwengozo ndi zazing'ono, koma kwa owerengeka ndi zoopsa: m'mphindi zochepa thupi limatuluka zidzolo zoyabwa, milomo, nkhope ndi kukhosi kumatupa, mpweya umabanika, munthu nakomoka, ndipo akapanda kubayidwa adrenaline msanga angathe kufa. Ena, patapita masiku, khungu lao limasupuka ngati lapsa ndi moto, ndi zironda m'kamwa ndi m'maso. Imfa zoyamba zotere zidalembedwa m'zaka za m'ma 1940, ndipo kuyambira pamenepo madokotala adayamba kulemba chizindikiro pa pepala la wodwala aliyense wonena kuti penisilini amamuwenga.

Chizindikiro chimenechi chapulumutsa anthu, koma chikalembedwa sichifafanizika msanga, ndipo kawiri-kawiri palibe amene amafunsanso kuti chidalembedwa bwanji. Ku Britain ndi ku America, pafupi-fupi munthu mmodzi mwa 10 ali nacho. Koma akayesedwa bwino, 9 mwa 10 a iwowa amapezeka kuti angathe kulandira penisilini popanda choopsa. Zifukwa zache ndi zomveka. Mwana wodwala chimfine kapena nthenda ina ya zidzolo amapatsidwa penisilini, zidzolo za nthendayo zikatuluka mlandu umagwera mankhwala. Wina adangotsegula m'mimba kapena kuchita nseru, zimene siziri ziwengo ai. Wina adauzidwa kuti mai wache amawengedwa, nayesa kuti iyenso ali chomwecho. Ndiponso ngakhale mwa amene adawengedwadi, ambiri chiwengocho chimatha chokha patapita zaka 10.

Wina angati kusamala kopitirira sikuononga kanthu. Koma pa opaleshoni kumaononga. Dokotala akaona chizindikirocho, kawiri-kawiri amaopa kupereka cefazolin, natenga mankhwala ena monga vancomycin kapena clindamycin. Amenewa sateteza bala bwino monga cefazolin. Vancomycin amalowa pang'ono-pang'ono mu mtsempha, kotero nthawi zina mpeni umayamba iye asanakwanire m'magazi. Ndipo clindamycin angathe kudzetsa nthenda yoopsa ya kutsegula m'mimba. Madokotala a ku Boston adalengeza m'chaka cha 2018 kuti mwa odwala ao zikwi zingapo, amene adali ndi chizindikiro cha penisilini mabala ao adali kutukusira kawiri-kawiri koposa anzao, pafupi-fupi atatu pamene ena ali awiri, ndipo chifukwa chache chidali mankhwala olowa m'malo aja. Kwadziwikanso tsopano kuti cefazolin, ngakhale ali mbale wa penisilini, amasiyana naye pa mbali imene kawiri-kawiri imautsa ziwengo, kotero ambiri owengedwa ndi penisilini angathe kumlandira.

Chifukwa cha zimenezi, m'zipatala zambiri dokotala kapena namwino amafunsa bwino wodwala tsiku la opaleshoni lisanafike. Adali mankhwala anji? Zidachitika chaka chiti? Chidaoneka n'chiani pa thupi, ndipo chidayamba patapita mphindi, maola kapena masiku? Kodi adagonekedwa m'chipatala chifukwa cha icho? Kodi kuyambira pamenepo adamwapo amoxicillin, amene ali penisilini yemwe, osaona chobvuta? Mayankho akaonetsa kuti choopsa n'chochepa, dokotala angathe kumwetsa wodwalayo amoxicillin pamaso pache ndi kumuyang'anira, kapena kuyamba wamuyesa pa khungu, ndipo zikayenda bwino chizindikiro chimafafanizidwa. Mayankho akaonetsa kutupa kwa kukhosi, kubanika, kukomoka kapena kusupuka kwa khungu, chizindikiro chimakhalabe, ndipo dokotala amasankha mankhwala mosamala koposa.

Apa pali udindo wa wodwala ndi abale ache. Amene adaonapo chobvuta atalandira mankhwala anene zonse monga zidachitikira, osabisa ndiponso osaonjezera, ndipo aonetse kabuku kache ka ku chipatala nthawi zonse. Makolo asunge mu mtima dzina la mankhwala amene adabvuta mwana wao, chaka chache, ndi zimene adaziona, pakuti patapita zaka 30 mwanayo sadzakhala ndi mboni ina. Munthu asadziyese yekha kunyumba pomwa mankhwala amene adaletsedwa, pakuti kuyesa kotere kumachitika pokha-pokha pamene pali dokotala ndi adrenaline pafupi. Ndipo amene amayendera odwala m'midzi, akamva kuti wina alikudikira opaleshoni, angathe kumkumbutsa zimenezi nthawi ikadalipo.

Ku Boulogne Fleming adaphunzira kuti mankhwala operekedwa mwa chizolowezi, popanda kufunsa ngati alikuthandizadi, angathe kupha amene adayenera kuwapulumutsa. Ku London adaphunzira kusataya mbale asanaiyang'anitsitse. Pepala la wodwala lolembedwa kuti penisilini amamuwenga liyenera kuyang'anidwa ndi maso omwewo, mpeni usanakhudze khungu.